Ndinali Maso a Woulutsa Mpira

Mawu awo ndinayamba kuwamva ndili mwana, koma nkhope yawo ndinaiona ndili kale ndi mkazi ndi ana awiri. Bambo anga anali kalaliki pasukulu ya mishoni, ndipo Loweruka masana ankaika wailesi pazenera kuti anthu okhala pakhonde amve mpira. Woulutsayo ankalankhula ali ku Lusaka, koma Chinyanja chake chinali cha kwathu kuno. Bambo ankanyadira. "Ameneyu ndi wa ku Chipata konkuno," ankatero, "mayi ake ndimawadziwa." Kaya ankawadziwadi, sindinafunse.

Ine nditakula ndinakhala mphunzitsi. Ananditumiza kusukulu ina ya pulaimale ku Kasenengwa, ndipo poti panalibe wina wofuna, zamasewera anandisiyira ine. Pakakhala mpikisano wa masukulu, ndinkabwereka chimkuzamawu cha kutchalitchi, n'kukwera padesiki pansi pa mtengo wa mango, n'kumaulutsa mpira wa ana ngati dziko lonse likundimva. Palibe anandituma. Ndinkangozikonda.

Tsiku lina mpikisano utatha, ndikukulunga waya, kunabwera bambo wina wachikulire. Anali wamfupi, atavala chipewa chakuda ndi nsapato zonyezimira, ngakhale bwalo lonse linali fumbi lokhalokha. Anabwera kumudzi wapafupi kudzazonda mlongo wawo wodwala, ndipo phokoso langa ndi limene linawakhotetsa njira.

"Aphunzitsi," anatero, "kodi inu mumapuma nthawi yanji?"

Waya uja unandipulumuka. Anali mawu omwe aja a pazenera la bambo anga. Ndinkaganiza kuti mwini mawuwo ndi chimunthu chachitali, koma anali munthu wondilekeza paphewa.

"Mpira ukakhala pakati pa bwalo, osewera akungopatsirana, muzikhala chete pang'ono," anapitiriza. "Womvera naye amafuna kumeza malovu. Koma maso muli nawo. Wovala nambala seveni uja munamuona asanalandire n'komwe mpira."

Anandiuza kuti atapuma pantchito ku Lusaka anabwerera kwawo ku Kapata, ndipo wailesi ina ya m'tauni inawatenga kuti aziulutsa mpira wa matimu a kuno kum'mawa. Anati ngati ndikufuna, ndibwere kubwalo lalikulu Loweruka lotsatira, ndidzakhale pambali pawo ndione mmene ntchitoyo imagwiridwira. Ku Chipata aliyense ankangowatchula kuti madala, ndipo nanenso ndinatengera pomwepo.

Ndinapita Loweruka limenelo, ndipo ndinapitabe Loweruka lililonse la mpira kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkadzuka m'mawa, n'kupalasa njinga mpaka pamsewu waukulu, n'kuisiya pagolosale ya mnzanga, n'kukwera minibasi. Mkazi wanga, yemwe ndi telala, poyamba ankadandaula. Chimanga chinkalowa udzu ine ndili kumpira. Koma tsiku limene anamva mawu anga pawailesi koyamba, anaitana makasitomala ake onse kuti amve, ndipo za udzu sanazinenenso mokweza.

Malo athu oulutsira sanali apamwamba. Linali tebulo lamatabwa pamwamba pa masitepe okhala anthu, mipando iwiri, maikolofoni imodzi, ndi waya wolumikiza ku foni. Dzuwa linkatiwomba kumaso kuyambira chigawo chachiwiri. Madala ankafika maola awiri mpira usanayambe, atanyamula fulasiki ya madzi otentha a jinja ndi kope la ana asukulu. Ankapita kumene osewera akuvalira, n'kumafunsa mmodzimmodzi: kwanu n'kuti, ndiwe mwana wa yani, umagwira ntchito yanji pakati pa sabata. Zonse ankalemba. Ndiye mpira ukayamba, sankangoti wakuti wapatsira wakuti. Ankati, "Mpira uli ndi kalipentala wa ku Mchini, amene dzulo lomweli amakhoma denga, lero akukhoma otchinga kumbuyo." Anthu m'magolosale ankafa nazo kuseka.

"Musamaulutsire anthu ali m'bwalo muno," anandiuza tsiku lina. "Awa akudzionera okha. Ganizani za mayi ali ku Chipangali, akusenda mtedza pamphasa, mwana wake ali m'bwalo muno. Mayi ameneyo malamulo a mpira sawadziwa. Akufuna amve kuti mwana wake wathamanga, wagwa, wadzuka."

Chigoli chikalowa, sankafuula nthawi yomweyo. Ankatembenuzira maikolofoni kwa ochemerera, phokoso lija lilowe kaye m'nyumba za anthu, kenako n'kubwera iwo pambuyo ndi dzina la wogoletsa, pang'onopang'ono, ngati akulengeza dzina la khanda. Ndayesapo kangapo kutengera zimenezi, koma ine mtima umandithamangira.

Maikolofoni anandipatsa koyamba patatha miyezi itatu, popanda kundichenjeza. Anangoti, "Tsopano mumve mphunzitsi wa ku Kasenengwa, ine ndinyowetse kukhosi." Mphindi khumi zimenezo thukuta linanyowetsa malaya anga onse. Chigoli chinalowa ndili pamaikolofoni, ndipo ndinatchula munthu wolakwika, amene tsiku limenelo anali pabenchi. Madala anatenga maikolofoni mofatsa n'kunena kuti, "Aphunzitsi apereka chigoli kwa mwana amene sanabwere kusukulu lero. Tichibweze kwa mwini wake." Pambuyo pake sanandidzudzule. Anangondipatsa kope lawo lija kuti ndipite nalo kunyumba ndikaliwerenge.

M'chaka chachinayi ndinaona kuti madala ayamba kuchedwa. Mpira ukapita kugolo lakutali, ankasiya kutchula mayina n'kumangoti "anyamata a jezi yofiira". Tsiku lina mpira utatha, anthu akutuluka, anandigwira dzanja kuti ndisanyamuke.

"Aphunzitsi, mwaona kanthu?"

"Ndaona, madala."

"Ndi shuga. Maso akuchita chifunga. Apa ndikuona kuti pali anthu akuthamanga, koma manambala sindikuwaona. Kuwailesi akadziwa, andiuza kuti ndikapume. Ine kunyumba ndikachita chiyani?"

Ndinawauza kuti palibe adzadziwe. Tinapangana njira. Ndinasunthira mpando wanga kumanzere kwawo, kumene khutu lawo linkamva bwino, ndipo mpira ukamayenda ndinkawanong'oneza: "Nambala naini, kudzanja lamanja. Wapatsira kalipentala. Goloboyi watuluka." Mpira ukatuluka kunja ndinkawagogoda kamodzi pabondo, wina akachita faulo ndinkagogoda kawiri. Ine ndinkapereka timawu touma, iwo n'kutisandutsa nkhani. Nthawi zina ndinkachita kuiwala kuti zimene akunenazo zachokera kwa ine, n'kumamvetsera ngati ndili pakhonde la bambo anga.

Tinachita zimenezi zaka ziwiri, ndipo pa moyo wanga wonse sindikumbukira nthawi ina imene ndinkaiyembekezera sabata yonse ngati masana amenewo. M'minibasi pobwerera ndinkamva anthu akuti, "Madala aja akalamba koma maso akadali akuthwa." Ine ndinkangoyang'ana kunja, n'kumasekerera ndekha.

Pali masewera amodzi amene ndimawakumbukira kuposa ena. Timu ya ku Chipangali inafika mundime yomaliza ya chikho, ikulimbana ndi timu ya m'tauni. Anthu akumudzi anabwera pamalole awiri, azimayi atanyamula ng'oma. Mvula inayamba chigawo chachiwiri chili mkati, ndipo tinafunda pepala lapulasitiki limodzi tonse awiri pamodzi ndi maikolofoni. Kutatsala mphindi zochepa, zigoli zili chimodzi kwa chimodzi, woimbira anapereka penate kwa a ku Chipangali. Ndinawanong'oneza dzina la womenya, mlimi wa fodya wa miyendo yamatewe. Anaika mpira pansi, anabwerera m'mbuyo, anathamanga. Pamenepo ine ndinaiwala ntchito yanga. Ndinaimirira, pakamwa pali yasa, osanena kanthu.

Madala anamva kulira kwa chitsulo cha golo, anamva ng'oma zija zitaduka pakati, ndipo anati, "Wamenya chitsulo! Mayi ake ku Chipangali, musalire, mwana wanu anamenya bwino, chitsulo ndicho chakana." Ananena zimenezi ine ndisanakhale n'komwe pansi.

Mpira utatha anandimenya paphewa ndi chipewa chawo chonyowa. "Aphunzitsi, munandisiya ndekha m'tchire."

"Pepani, madala."

"Palibe kanthu. Zikusonyeza kuti mpira mumaukondadi."

Sanandilonjezepo kuti mpando wawo udzakhala wanga. Zimenezi ndiyenera kunena, chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti analonjeza. Amene ankanena ndi anthu ena. Wolumikiza mawaya wa kuwailesi ankanditchula kuti "madala wamng'ono". Osewera ankabwera okha kudzandiuza kwawo ndi ntchito zawo. Ine ndinali nditayamba kale kufunsira za kusamutsidwira kusukulu ya pafupi ndi tauni.

Maso aja atafika poti sangathenso kukwera masitepe popanda wowagwira dzanja, nkhani sinabisikenso. Wailesi inalengeza kuti madala apuma ndipo kukhala mayeso osankha wolowa m'malo. Tinabwera anthu asanu ndi mmodzi. Anatiika m'kachipinda mmodzimmodzi, n'kutionetsa mpira wakale pa TV atatseka mawu, kuti aliyense aulutse mphindi zisanu. Oweruza anali atatu: bwana wa wailesiyo, mayi wina wa mu ofesi, ndi madala.

Pabenchi yodikirira ndinakhala moyandikana ndi bambo wina wa msinkhu wanga, wovala taye. Anandipatsa moni mwaulemu. "Ndinu aphunzitsi a ku Kasenengwa? Bambo amakutchulani kwambiri kunyumba." Anali mwana wa madala. Kampani imene ankagwirako ntchito ku Lusaka inatsekedwa, ndipo anabwerera kwa makolo ake ndi mkazi ndi ana atatu. Itakwana nthawi yake ndinkamumva kudzera pachitseko. Mawu anali nawo, anatengera abambo ake. Koma ankangowerenga manambala a jezi, Chingerezi chili mbwee, ndipo chigoli chitalowa anafuula mpaka mawu anasasa.

Aliyense ankadziwa mmene zinthu zinkayendera pawailesi imeneyo. Wowerenga nkhani anali mwana wa mchemwali wa bwana. Woyendetsa galimoto anali mlamu wawo. Anthu ankazinena m'mabala ndi m'masaluni, ndipo inenso ndinkaseka nawo. Koma ndinkati madala ndi osiyana. Mawu anga anali atalowa m'khutu lawo zaka ziwiri zathunthu.

Zotsatira ndinazimva Lachisanu masana m'chipinda cha aphunzitsi, ndikuchonga makope. Mnzanga wina anakweza wailesi chifukwa madala amatsanzika. Analankhula bwino, anatchula mabwalo amene anaulutsirapo ndi osewera amene anamwalira. Anathokoza "mphunzitsi wa ku Kasenengwa amene wandithandiza kwambiri". Kenako anati kuyambira mawa omvera azimva mawu atsopano koma magazi omwewo, n'kupereka maikolofoni kwa mwana wawo.

Wina anazimitsa wailesi. Ine ndinapitiriza kuchonga, ndipo mawa lake ndinapeza kuti kope limodzi ndinalichonga zonse kuti n'zolondola, pomwe mwanayo analakwa masamu onse.

Mkazi wanga ndiye anakwiya poyera. "Zaka zonsezi inu munali ndodo yawo yoyendera," anatero. "Afika kumene amapita, ndodo aitaya panja. Pitani mukawafunse."

Sindinapite. Kuwailesi anandiimbira kuti ndikhoza kupitiriza kukhala pambali, ndizithandiza mwana wa madala. Ndinati ndatanganidwa ndi kalasi ya mayeso. Madala anaimba kawiri, sindinayankhe. Kachitatu sanaimbenso.

Zaka zitatu zinadutsa. Munda wanga sunakhalepo woyera ngati zaka zimenezo. Loweruka masana ndinkatenga khasu, foni n'kuisiya kunyumba. Koma nthawi ya mpira ikakwana, thupi linkadziwa lokha. Wina akadutsa panjinga ndi kawailesi, ndinkaima n'kumvetsera mpaka mawu atazimiririka. Chimene ndinkachisowa sichinali kumveka pawailesi ayi. Ndinkasowa fungo la jinja lija, kutentha kwa matabwa, ndi kuona mawu anga atatu akutuluka m'kamwa mwa munthu wina atakhala chinthu chokongola.

Amene anandibweza ndi mkazi wanga yemweyo. Anapita kumsika wa Kapata kukagula nsalu, n'kukumana ndi akazi awo a madala. Atabwera anaika katundu pansi n'kunena kuti, "Madala anu aja saonanso ngakhale pang'ono. Akuti amakhala pakhonde tsiku lonse. Ine mkwiyo wanga ukadalipo, koma inu pitani. Mwakhala ngati munthu wofedwa."

Ndinapita Loweruka. Ndinawapeza pakhonde pampando wansungwi, atawonda, nsapato zili zonyezimirabe. Kawailesi kanali pamiyendo, mwana wawo akuulutsa. Ndinangoti "Odi," iwo n'kutsitsa mawu a wailesi.

"Aphunzitsi. Khalani kuno kumanzere."

Akazi awo anabweretsa mpando ndi mbale ya mtedza wophika, n'kubwerera m'nyumba. Tinafunsana za moyo, za ana, za mvula. Kenako tinayamba kumvera mpira. Mwana wawo anali atasintha. Chingerezi chinachepa, mayina ankawadziwa. Koma madala ankang'ung'udza pansipansi: "Puma, iwe. Puma."

"Mwabwera kudzandifunsa," anatero pambuyo pake.

"Ndabwera kudzakuonani."

"Ndifunseni basi. Ndakhala ndikukonzekera yankho zaka zitatu."

Ndinati ndilibe funso, koma iwo anayankhabe. "Sindikunamizani kuti anakuposani. Tsiku lija inu munaposa onse, ndipo bwana uja ananena yekha. Ndine ndinapempha. Ndinati zaka zonse ndagwira pano sindinapemphepo kanthu, lero ndikupempha. Mwana wanga ankagona m'chipinda chosungira chimanga ndi mkazi ndi ana atatu. M'mawa ankavala taye n'kupita m'tauni kukayendayenda kuti anthu asadziwe. Ndinati aphunzitsi ali ndi choko m'manja, ana awo sagona ndi njala. Ndinayeza choncho. Kaya ndinayeza bwino, sindikudziwa."

Anasenda mtedza umodzi, osaudya.

"Inenso ku Lusaka sindinalowe ndekha. Mlamu wanga anali kalaliki kumeneko, ndiye anaika kalata yanga pamwamba. Panali munthu wina wa ku Petauke amene ankaulutsa bwino kundiposa. Anathera kumigodi. Dzina lake ndimalikumbukira mpaka lero."

Apo m'pamene funso langa linatuluka, ndipo silinali limene ndinkaliganizira m'munda zaka zonse zija. "Bwanji simunandiuze nokha? Ndinamvera pawailesi, pamaso pa anzanga."

Pawailesi wina anaphonya chigoli.

"Ndinaopa," anatero. "Nkhope yanu sindikanaiona, koma mawu anu ndikanawamva. Ine mawu a munthu sandibisira kanthu. Pamenepo ndiye ndinalakwa kwambiri, aphunzitsi. Pepani."

Sindinanene kuti ndakhululuka, ndipo iwo sanandikakamize. Ndinangokhala mpaka mpira unatha. Ponyamuka anandifunsa za mlimi wa fodya uja wa penate, ngati akusewerabe. Ndinati ndinamva kuti anasiya, pano ndi kochi wa timu ya atsikana kwawo. Anasangalala kwambiri.

Kuchokera pamenepo ndinkapita kamodzi kapena kawiri pamwezi. Tinkamvera mpira limodzi pakhonde, n'kumakangana za osewera akale. Mwana wawo akabwera kuchokera kubwalo ankandipatsa moni ndi manja awiri, n'kufunsa kuti walakwitsa pati. Poyamba ndinkati palibe. Kenako ndinayamba kumuuza, ndipo ankamvera. Si munthu woipa. Ntchito anaiphunzira, ndipo ana a masiku ano amene sanamvepo abambo ake amati palibe womuposa.

Madala anamwalira nyengo yozizira, patatha chaka ndi miyezi ingapo. Pamaliro panabwera osewera akale ambiri, ena a imvi, ena oyendera ndodo, ndipo ndiwo ananyamula bokosi. Mwambo utatha, mwana wawo anandikokera pambali n'kunena kuti mpando wachiwiri ulipo, ndibwere tizigawana zigawo, iye choyamba ine chachiwiri. Ndinamuthokoza. Ndinapita kamodzi. Anandilandira bwino, ndipo ndinaulutsa chigawo changa popanda kulakwitsa dzina. Koma ndinatsika masitepe aja ndikudziwa kuti sindibweranso. Munthu amene ndinkafuna kuti andimve panalibe.

Pano ndine wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo kwatsala zaka zochepa kuti ndipume. Zamasewera ndinasiyira aphunzitsi achinyamata, amene amajambula mpira wa ana pafoni n'kuutumiza kwa makolo. Kubwalo lalikulu ndimapitabe mwa apo ndi apo, koma ndimakhala m'munsi pakati pa anthu wamba. Mwezi wathawu ndinakhala pafupi ndi mayi wina wogulitsa nthochi, amene anaika dengu lake pansi kuti aonereko pang'ono. Chigawo choyamba chili pafupi kutha, ndinaona kuti akundiyang'anitsitsa.

"Abambo," anatero, "kuyambira pamene mpira unayamba milomo yanu ikungogwedezeka. Mukupempherera timu iti?"

Ndinaseka, n'kumuuza kuti ndilibe timu. Anati ndiye ndimupemphererko ya jezi yobiriwira, chifukwa goloboyi wake ndi mwana wa mchimwene wake. Ndinamufunsa kuti kwawo kwa goloboyiyo n'kuti, ndipo pakati pa sabata amagwira ntchito yanji. Anati amawotcherera zitsulo ku Navutika. Woimbira analiza wenzulo, mayiyo anasenza dengu lake n'kupita kukagulitsa.